Mwana akasankha zojambula ku Chanco

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, pakhomo pamamveka nthungululu. Koma angonena kuti akukaphunzira zojambula ndi zosema, nthungululu zija zii. Amalume amayamba kukanda m'mutu: "Mphwanga, zaka zinayi zonsezi ukangojambula? Anyamata ogulitsa ziboliboli pa positi ofesi ku Lilongwe aja anapita ku yunivesite iti?"

Amalumewo sakulakwa pa zonse, luso la dzanja munthu amabadwa nalo ndithu. Chimene chimasulidwa m'situdiyo ndi diso ndi mutu. Wophunzira amatha masana onse ali chiimirire, khala lili m'manja, akulimbana ndi botolo limodzi kuti mthunzi wake ugwere poyenera. Amakanda dongo, kuliumba, likauma n'kung'aluka, ayambirenso. Penti wa m'machubu ndiye musanene, mtengo wake ndi woboola m'thumba, moti chubu chimafinyidwa mpaka kuchidula ndi mpeni kuti akokote wotsalira.

Pomwe pagona nkhani ndi tsiku lopachika ntchito pakhoma. Aphunzitsi ndi anzako akuzungulira, wina n'kufunsa kuti, "Zofiirazi mwaikiranji apa?" Ukati "zangondisangalatsa", wagwa nayo. Uyenera kufotokoza, ndipo nthawi zina pofotokozapo m'pamene umazindikira kuti chithunzicho n'chokongola koma sichikunena kanthu.

Samson Kambalu anadutsa ku Chancellor College komweko. Mu 2022 chosema chake chotchedwa Antelope chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe wavala chipewa, pamene masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, ndipo Kambalu anamutalikitsa kwambiri moti Chorley akuoneka wamng'ono pambali pake. Kufananitsa nkhope akanatha ambiri. Kuona kuti mlandu wonse uli pa chipewa, zimenezo zimafuna munthu amene anawerenga mbiri ndiponso anazolowera kufunsidwa chifukwa.

Za ndalama tisanamizane. Si onse adzafike ku London. Ena amakagwira choko kusekondale, ena amakapanga zikwangwani zotsatsa malonda pa kompyuta. Koma vuto limenelo lisakankhiridwe kwa mwana. Ifeyo, ngakhale amene tili ndi kangachepe, timagula chithunzi cha mathithi chosindikizidwa kunja n'kupachika pabalaza, ndipo wojambula wakwathu akatchula mtengo timayamba kunenerera ngati tikugula tomato.