MZINGA WOSAKANKHA MWINI WAKE

Mnzathu wina m'gulu lathu lino la alembi watigonthetsa m'kutu ndi ndakatulo zotamanda mzinga wophwanyira akasinja, uja amati sukankha wowombera. Akuti ndi luso lofunika kuliimbira nyimbo. Ine ndikukana.

Tiyeni tiuone bwino mzingawu. B-10 wa ku Soviet Union, wa kamwa la mamilimita 82, ndi wotseguka kumbuyo. Chipolopolo chikamatuluka kutsogolo, mpweya wamoto umathawira kumbuyoko, mphamvu ziwirizo n'kufafanizana. N'chifukwa chake ndi wopepuka, woti anyamata owerengeka n'kuyenda nawo m'thengo. Koma msilikali amachenjezedwa tsiku loyamba lomwe: usaime kumbuyo kwake, upsa.

Mizinga yotereyi inalira ku Mozambique pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka 1992. Tsono anaima kumbuyo ndani? Si amene anaipanga, si amene anaigulitsa. Ndi anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira kuno ku Malawi.

Ine ndinakulira m'malaini a esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ndinaona amayi a ku Zambezia, atawoloka Ruo, mwana kumsana, akugwadira kapitao kupempha ganyu. Makolo athu Alomwe anadzeranso njira yomweyo pothawa Apwitikizi, nadzagwera m'thangata.

Achimwene, palibe mfuti yosakankha, imangosankha womukankha. Musanalembe ndakatulo ina, kwerani basi ya ku Thekerani, mukaiwerenge pamaso pa okalamba a m'mbali mwa Ruo. Akakuwomberani m'manja, mudzatiuze.