Tebulo lodziwa ulendo, losadziwa ntchito

Chikhadabo cha chala changa chamkombaphala chada bii sabata ino. Amene munandigwira chanza ku Saturday Market kuno ku Chipata n'kuona ndikukwinya nkhope, pepani, sindinakukwiyireni. Sindinamenyanenso ndi munthu. Ndinapanidwa ndi tebulo lositira zovala, lija lopinda, la miyendo yopingasa.

Tebuloli linachokera ku Lusaka. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito kumeneko, atabwera kudzationa anandipeza ndikusita malaya pa tebulo lodyera, nditayala bulangete lakale lopinda pawiri ndi chitenje cha amayi ake pamwamba. Anangoti, "Atate, mpaka lero?" Sabata ziwiri zisanathe foni inalira: katundu wakwera basi ya m'mawa ku Intercity, mukamulandire. Ndinapita ndi mnyamata wa njinga, poganiza kuti tebulo ndi tebulo, lifunika anthu awiri. Kondakitala analisolola kunsi kwa basi ndi dzanja limodzi ngati akusolola nzimbe pamtolo, lili m'pulasitiki, lopyapyala moti ndinalikwapatira m'khwapa. Linayenda makilomita oposa 550 a Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba ndi Katete, litapsinjidwa ndi matumba a eni ake, koma osakhota ngakhale pang'ono. Pa ulendo, ndivomereze, ndi katswiri.

Kwa amene simunaligwirepo, kapangidwe kake ndi aka. Pamwamba pali chitsulo chopyapyala chobowolabowola ngati sefa kuti nthunzi izidutsa, kenako kasiponji, kenako nsalu ya maluwamaluwa yomangidwa ndi chingwe kunsi. Miyendo ndi mapaipi awiri opingasana, olumikizidwa pakati ngati sizasi. Mwendo umodzi anaumangirira malo amodzi, winawo umatsetsereka m'kanjira kachitsulo kunsi kwa tebulo, ndipo umaima pamene kambedza kakola. Ukakanikiza kachogwirira ka m'mbali, kambedzako kamataya, tebulo limatsika kapena kukwera molingana ndi msinkhu wako, ndipo ukapitiriza limagona lonse n'kusanduka thabwa. Moyo wonse wa tebulolo uli pa kambedza kameneko, kochepa kuposa supuni ya tiyi.

Loweruka madzulo malaiti anali atapita, monga amachitira akadziwa kuti mawa ndi Lamlungu. Ndinatsitsa nsimbi ya malasha, imene abale athu a kuseri kwa malire a Mwami amati simbi ya makala, ija ya katambala pachivundikiro. Ndiyo inatisunga chaka cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti. Ndinaipakira moto wa pambaula, kuikupiza panja mpaka kufiira psuu, kuipukuta kunsi ndi kansanza, kunyowetsa chala ndi malovu n'kuigunda kuti ndimve ngati yapsa. Nditangoikhazika pa kawaya ka kumchira, tebulo linayamba gule. Simenti ya m'nyumba mwathu anaisalaza ndi maso, osati ndi levulo, monga zilili nyumba zambiri za ku Kapata, ndiye phazi limodzi mwa anayiwo linali m'malere. Gwedegwede, gwedegwede. Ndinayala kolala, n'kukanikiza ndi thupi lonse monga ndachitira kuyambira ndili mnyamata. Tebulo linapendekeka. Ndinapisa dzanja kunsi kuti ndiligwirire, ndipo chala chinapeza kachogwirira kaja.

Khapa! Tebulo pansi, nsimbi chagada, makala mbwee pa polishi wofiira, phulusa pa malaya oyera. Amayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini, chipande chili m'manja. "Inu abambo, mwaphunzitsa ana a eni zaka 30, ndiye kakutheraninso nzeru katebulo?"

Ndinakhala pakhonde, chala chili m'kapu ya madzi, ndikuganiza za mkuyu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma nkhuyu iyi nyerere zake sizinalowe zokha. Anachita kuziikamo, ndipo anali ndi chifukwa.

Wopanga tebulo limeneli maganizo ake onse anali pa kontena. Chibokosi chachitsulo chija timachiona pamsana pa mathiraki opita ku Mwami, chotalika mamita 12, mkati mwake muli malo okwana makiyubiki mita pafupifupi 67, ndipo wochibwereka amalipira chonse, kaya wadzazamo zitsulo kaya mphepo. Tebulo loimirira, ngati lathu lodyera la mlombwa, gawo lake lalikulu ndi mphepo ya pakati pa miyendo. Ndani angalipire sitima kuchokera ku China kufika ku Dar es Salaam, kenako thiraki kudzera ku Nakonde mpaka ku Lusaka, kuti anyamule mphepo, pomwe kuno ya mu Julaye tili nayo yaulere? Ndiye wojambula katundu wotere amafunsidwa funso limodzi lokha: alowa angati? Paipi ikhale yaing'ono, alowa ambiri. Chitsulo cha pamwamba chipepuke, mapazi afupike kuti asatulukire m'mbali, miyendo igone m'mimba mwa tebulo, kenako awasanje mutu ndi mchira ngati nsomba zouma za pa Luangwa. Mapazi aafupi amenewo ndiwo amavinitsa tebulo. Paipi yaing'onoyo ndiyo imanjenjemera ikamva kulemera kwa nsimbi ya malasha, imene wojambulayo mwina sanaionepo n'komwe.

Pali tsiku lina pa kalendala limene limandiseketsa pankhaniyi. Pa 26 Epulo 1892, mayi wina wachikuda wa ku New Haven ku America, Sarah Boone, wosoka madiresi, amene anabadwira mu ukapolo, analandira chiphaso cha boma chomuzindikira kuti wakonza thabwa lositira la mtundu watsopano. Linali laling'ono ndi lokhota, kuti mkono wa diresi uzilowa n'kusitidwa mbali zonse popanda kusiya mzere. Mayiyu anayambira pa mkono wa chovala, chifukwa ndiwo unkamuvuta tsiku ndi tsiku. Patapita zaka 64, pa 26 Epulo pomwepo mu 1956, sitima yotchedwa Ideal X, ya munthu wina amene kale anali mwini mathiraki, dzina lake Malcom McLean, inanyamuka ku Newark kupita ku Houston itasenza makontena 58. Kuyambira pamenepo katundu wa m'nyumba anayamba kupangidwa molingana ndi bokosi. Tebulo limene linandipana ine ndi mwana wa masiku awiri amenewa, koma nkhope anatengera kwa atate ake, kontena.

Musaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Mu 2004 dziko la America linaika msonkho wapadera pa matebulo ositira ochokera ku China, ndipo mu 2007 mayiko a European Union anachita chimodzimodzi, ponena kuti akugulitsidwa motchipa mopitirira muyeso ndipo akupha mafakitale awo. Maboma a mphamvu, okhala ndi ndege za nkhondo, kukhala pansi kukambirana za tebulo lositira! Ife tilibe fakitale yoiteteza, ndiye timangolandira. Ngakhale njira yake timazungulira nayo. Njanji yathu ya ku Mchinji, imene imatilumikiza ndi doko la Nacala, anaiyamba mu 1982 n'kuitsegula mu 2010, zaka 28 pa makilomita 27, koma katundu wambiri wa m'masitolo a ku Down Shops amabwerabe pa msewu wa ku Lusaka. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndikaiyamba sindimaliza.

Tsono ndisanamiziridwe kuti ndikudana ndi zopinda. Kupinda tinayamba ndife. Mphasa imagoneka banja lonse usiku, m'mawa n'kukulungidwa, kuimikidwa pakona, chipinda n'kusanduka pabalaza. Mpando wa ndalema wa agogo anga, wa matabwa ndi chiguduli, unkapindidwa n'kumangidwa pa njinga popita kumilandu kwa amfumu, ndipo unakhala ndi moyo kuposa mwini wake. Chiguduli chikang'ambika ankakhomerapo china. Mtanda ukathyoka, mmisiri wa m'mudzi momwemo ankasema wina asanamalize fodya wake. Amene anapanga zinthu zimenezi ankapindira munthu woti azikhala nazo, ndiye ankadziwa pofunika kulimbitsa. Yesani kupita ndi kambedza kothyoka ka tebulo lositira kwa wogulitsa. Akuuzani kuti mugule lina, ndipo akuonetsani la maluwa okongola kuposa oyamba.

Amayi a kunyumba sagwirizana nane, ndipo poti ndi amene amaphika, ndiyenera kulemba mbali yawo. Akuti msana wawo wapumula chifukwa akusita ataimirira bwino, osawerama. Akuti siketi imalowa kumutu kosongoka kuja n'kumazungulira yokha, zimene tebulo lodyera silingachite. Akutinso ine ndikulankhula ngati munthu wa nyumba ya zipinda zinayi: mtsikana wochita lendi kachipinda kamodzi ku Nabvutika kapena ku Mchini, momwe bedi, mbaula, ndowa ndi sutikesi zikulimbirana malo, tebulo lodyera aliika pati? Kwa iye chinthu chotha kubisala kuseri kwa chitseko ndi dalitso. N'chifukwa chake pa kitchen party iliyonse ya masiku ano simulephera kuona limodzi kapena awiri atatsamira khoma pakati pa mapoto ndi mabeseni. Pamenepa andigonjetsa. Koma mtsikana yemweyo ndiye amasita ndi malasha kawirikawiri, simenti yake ndiyo yokumbika kwambiri, ndipo ndalama yogulira lachiwiri alibe.

Wina anena kuti bwanji osangoleka kusita, monga achitira anyamata a lero ovala malaya okwinyika ngati atuluka m'kamwa mwa ng'ombe. Ameneyo sanalerepo mwana m'nyengo ya mango. Pali ntchentche ija imaikira mazira padothi kapena pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi. Mwana akavala, kamphutsi kamaboola khungu n'kukhazikika, pamatupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo mayi amachita kumata ndi Vaseline kuti kasowe mpweya asanakafinye. Azungu a kuno anaitcha putsi, dzina lomveka ngati mphutsi yathu yomweyi. Chimene chimapha mazira amenewo ndi kutentha kwa nsimbi. Amayi athu ankasita matewera, zamkati, ngakhale masokosi, ndipo sikunali kunyada. Onjezanipo salaula, amene naye amabwera atapsinjidwa m'mabelo pa chifukwa chomwe chija cha kontena, jekete lake lili makwinya okhaokha. Onjezaniponso yunifolomu ya Lolemba. Ife kusukulu yogonera komweko tinkagoneka thalauza kunsi kwa matiresi usiku wonse kuti mzere utuluke, chifukwa nsimbi inali imodzi pa anyamata a nyumba yonse ndipo inali ya akuluakulu a Form Five. Mtundu wosita chonchi suyenera kupatsidwa tebulo loopa nsimbi.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Yendani m'mbali mwa misewu ya Chipata m'mawa uliwonse malaiti akakhalapo, mumva makina owotcherera zitsulo akulira. Anyamata amenewa amapanga mafelemu a zitseko, zotchingira akuba pamawindo, mageti, mabedi, makaliyala a njinga otha kusenza matumba atatu a malasha kutsika nawo phiri. Munthu wotha kupanga kaliyala wotero angalephere miyendo iwiri yopingasa? Iye alibe kontena yoti aikondweretse. Tebulo lake ulendo wake ndi wochokera ku Kapata kufika ku Kalongwezi pa njinga, ndiye akhoza kuika paipi yochindikala, mapazi otambalala, thabwa lenileni pamwamba, pokhazikira nsimbi pachitsulo chokhala ndi mkombero woti phulusa lizigwera momwemo. M'malo mwa kambedza kobisala, aike msomali waukulu wolowa m'mabowo, woonekera, umene mwana sangautaye mwangozi ndipo ukasowa ungagulidwe wina ku hardware iliyonse. Ndipo ngati ali wanzeru akayang'ane pamoto pa agogo ake. Mafuwa amakhala atatu, ndipo mphika sugwedera, kaya pansi ndi pokumbika bwanji. Tebulo loponda malo atatu likanaima nji pa simenti yanga. La anayi limafuna pansi posalala ngati pa Shoprite, kapena kachikatoni kopinda koikira kuphazi, kamene m'nyumba mwathu tsopano kali ndi malo akeake pawindo ndipo ana auzidwa kuti asakakhudze.

Ndinamufotokozera zonsezi mnyamata wina wowotcherera pafupi ndi kwathu, mpaka kumujambulira padothi ndi kamtengo. Anamvetsera mwaulemu, magalasi akuda ali pachipumi, kenako anati, "Amadala, kupanga n'zotheka, koma anthu akafika pano amafunsa mtengo wa kusitolo." Sananame. Timafuna cholimba pa mtengo wa chopepuka, ndipo tikapanidwa chala timadzalemba m'nyuzipepala.

Mwana wanga anaimba foni Lachitatu kufunsa ngati mphatso ikugwira ntchito. Ndinati ikugwira, mama, amayi ako akuikonda kwambiri, ndipo sindinaname. Za chala sindinatchule, ndipo inu amene mumamudziwa musamutumizire tsamba lino pa WhatsApp. Tebulolo lili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pomwe limakhala bwino kwambiri. Mnyamata wowotcherera uja ndamupatsa ndalama ya paipi, akuti ndibwere Loweruka likubwerali, malaiti akalola. Malaya amene mundione nawo kutchalitchi Lamlungu lino ndasitira pa tebulo lodyera, pa bulangete lomwe lija.