Kodi wamaliza nyama ku Liwonde ndi mlendo wa agalu?

Inu a geni amene mumalowerera m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka kukapikula nandolo, mpunga, mbuzi ndi nkhuku, nkhani ya sabata ino ndi yanu. Musaone ngati poti mutu wake ukutchula agalu ndiye kuti ikukhudza alenje okha, ayi ndithu.

M'midzi yozungulira paki ya Liwonde, kuyambira cha ku Ulongwe mbali ya Balaka mpakana tsidya linalo la Shire njira yopita ku Ntaja, munthu wachilendo akangotulukira ndi agalu awiri atatu pambuyo pake, mlandu wake umakhala watha kale iye asanapereke ndi moni yemwe. Amayi pamjigo amasiya kupopa, ana amathamanga kukauza akuluakulu, ndipo pofika pa sitolo yoyamba mudzi wonse umakhala wamva kuti kwabwera wopha nyama za boma. Ena ati ayi ameneyu ndi wakuba mbuzi, agaluwo ndi chiphimbamaso chabe. Ena ati wabwera kudzazonda njira kuti usiku abwere ndi anzake.

Sindikunena kuti anthu akumudziwa mitu yawo siyikuyenda bwino. Zifukwa ali nazo. Alenje a agalu alipodi, ndipo ntchito yawo imadziwika: agalu amavumbulutsa njiri kapena gwape, kumuthamangitsa mpaka atatopa kapena atalowa kuuna, kenaka eni ake nkumalizitsa ndi mikondo ndi zibonga. Kale makolo ankautcha uzimba, ndipo unkachitika poyera mfumu ikudziwa. Lero kulowa m'paki ndi agalu ndi mlandu. Tsono a gemu akapeza mapazi, amawalondola mpaka pamene atulukira, ndipo amene amayankha mafunso ndi eni mudzi, mlenje uja ali kutali akuwamba nyama yake. Onjezerani apo kuti galu wosadziwika amagwira ana a mbuzi ndiponso akhoza kubweretsa chiwewe. Ndani angamusekerere?

Koma tiyeni tiwerengere bwinobwino monga timachitira ndi ndalama za geni madzulo. Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973. Pofika 2015, pamene boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa, nyama zina zinali zitachepa kwambiri moti mikango munalibe ndi umodzi womwe. Chimene anthu a bungweli anapeza chochuluka m'tchiremo sichinali agalu. Inali misampha ya waya. M'zaka zochepa chabe anazula misampha yoposa 30,000, m'paki ya makilomita 548 mulitali ndi mulifupi, yaing'ono zedi poyerekeza ndi Kasungu kapena Nyika.

Tsono funsani mlenje aliyense wopuma ntchito akuuzeni mmene msampha umayendera. Waya uja, kaya wa buleki ya njinga kaya wodula pa mpanda, amamukunga pa kanjira kamene nyama zimadutsa popita kukamwa madzi. Woika ayenera kudziwa kanjirako, ayenera kudziwa nthawi imene a gemu amadutsa, ndipo ayenera kubwereranso mawa kapena mkuja kudzaonja nyama isanaole kapena afisi asanamuthandize. Eti abale, munthu amene watsika minibasi dzulo pa Mangochi Turn-off angadziwe zonsezi? Galu amauwa, aliyense amamumva. Waya sauwa. Woika waya amagona pafupi, amamwa nawo tiyi pa gulosale, ndipo tsiku limene mlendo wa agalu wazingidwa, iye ndi amene amakuwa kwambiri kuti agwidwe ameneyo.

Mu 2021 anabweretsa m'pakimo mimbulu, agalu a m'tchire amene anali atasowa m'dziko muno kwa zaka zambiri. Chakumapeto kwa 2022 mimbulu 18 inapezeka itafa ndi poizoni. Poizoni salira agalu kapena mkondo, amangolowa m'thumba la malaya, ndipo womunyamula akhoza kukudutsani pamsewu nkukupatsani moni wa ulemu wake.

Ndipo ngati tikufunadi mlendo woopsa, ameneyo sayenda wapansi ndi agalu a nthiti zoonekera. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, mzika ya dziko la China, kuti akakhale kundende zaka 14 pa mlandu wokhudza nyanga za chipembere ndi kuzembetsa ndalama. Ameneyu sanamugwire ndi amayi a pamjigo. Mu 2025, nthawi ya Pulezidenti Lazarus Chakwera, dzina lake linapezeka pa mndandanda wa akaidi okhululukidwa. Kaya mnyamata wogwidwa ndi mwendo wa gwape anayamba wauonapo mwayi wotere, mundiuze ndinu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine kwenikweni nchakuti kukayikira mlendo kuno kwathu sikuthera pa mafunso. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017, pamene mphekesera zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe nkufalikira mpaka mu Blantyre. Anthu anaphedwa ndi magulu olusa popanda ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi botolo la magazi, ndipo bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Ambiri mwa ozunzidwawo tchimo lawo linali limodzi basi: nkhope yawo sinkadziwika kumaloko, ndipo ananyamula chikwama.

Ku Machinga komweko kuli phunziro lowawa koposa. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino, anasowa ndipo anapezeka ataphedwa. Nthawi imeneyo makolo ankabisa ana awo akangoona galimoto yachilendo. Koma khoti litagamula mlanduwo mu 2022, pakati pa opezeka olakwa panali m'bale wake weniweni wa malemuyo, wansembe, wapolisi ndi wachipatala. Anthu odziwika okhaokha, ena a iwo anthu amene mudzi ukanawathamangira kukawauza kuti taona mlendo wokayikitsa.

Nanga mlendo wa m'midzi imeneyi kawirikawiri amakhala ndani? Si inu nomwe? Mumafika ndi sikelo, matumba ndi chikwama cha ndalama m'chiuno, Chiyao simuchidziwa kupatula moni, ndipo mumafunsa njira zodutsa kuseri kwa midzi chifukwa mwamva kuti uko nandolo ngotchipa. Anyamata ogula mbuzi ndiye amachita kuyenda ndi zingwe ndi mipeni, nthawi zina galu wa mnzawo wa kabaza nkumawatsatira. Tsiku limene m'mudzimo mwasowa mbuzi kapena a gemu adutsamo dzulo lake, simufunikanso kulakwa kanthu. Wina akangoimba wezulo basi, za kalumo kakuthwa kamene makolo ankati mlendo amabwera nako palibenso amazikumbuka.

Komatu a geni anzanga, pano ndiye pamene tisiyane pang'ono, chifukwa nanunso simuli oyera ngati ufa. Nyama ya m'misampha 30,000 ija sinathere m'miphika ya kumudzi yokha. Anthu ambiri a m'madera amenewa ndi Asilamu. Njiri ndi nguluwe sadya, ndipo nyama yofa yokha ndi waya pakhosi, yosazingidwa mwa mwambo wawo, kwa iwo ndi yoletsedwa. Sindikuti onse ndi Asilamu kapena kuti onse amasunga mwambo, koma funso lilipobe: nanga yotsalayo imapita kuti? Imawambidwa, imalowa pansi pa thumba la makala kapena la chimanga, nkukwera matola kulowera ku Zomba, Limbe ndi Lilongwe. Kumeneko imagulitsidwa monong'ona kwa makasitomala odziwika, ena a iwo mabwana a mataye amene masana amayankhula bwino za chilengedwe. Pena imasanduka kanyenya pa chiwaya nkumatchedwa ya mbuzi. Pakanapanda wogula m'tauni, mnyamata wa kumudzi sakanalimba mtima kudumpha mpanda wa magetsi nkumayenda usiku m'tchire limene kuyambira 2018 mulinso mikango.

Ndipo m'tchiremo si mosewera. Mu May 2019 msilikali wa ku Britain, Mathew Talbot, amene anabwera kudzathandiza a gemu kulondera, anaphedwa ndi njovu m'paki momwemo. Anthu a m'mphepete mwa paki akhala ndi njovu zimenezi zaka zonsezi, zikuwadyera chimanga ndi kuwaphera abale, makamaka mpanda usanamangidwe. Nchifukwa chake njovu pafupifupi 500 anazisamutsa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 anazipititsa ku Kasungu mu 2022. Munthu amene munda wake wadyedwa usiku umodzi, mukamuonetsa ndalama nkumuuza kuti mundipezereko ya m'tchire, mwamutuma ndinu, olo musamugwire dzanja.

Lamulo nalonso linasintha, ndipo ambiri pamsika simunalimve. Kuyambira 2017 lamulo la nyama zakutchire limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende, popanda mwayi wa chindapusa, pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka. Ndipo silifunsa kuti wapha ndani. Kungopezeka ndi nyama yotetezedwa, chikopa chake kapena nyanga yake popanda chilolezo, mlandu wakwana. Ija yakuti ine ndangogula, kapena anangondipatsira kathumba kuti ndikapereke ku Ndirande, kukhoti sigwira ntchito. Pa rodibuloko amene amatsitsidwa ndi amene wakhalira thumbalo.

Tsono poti nyengo yopikula ikafika simungaleke kupita, chitani zimene ankachita amalonda akale. Mukafika m'mudzi umene simudziwika, musayambe ndi kupachika sikelo pa mtengo wa mango. Yambani mwakaonekera kwa amfumu kapena kwa wapampando wa achitetezo a m'mudzi, munene dzina lanu, kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, chitupa chanu cha unzika chili m'manja. Pezani mwana wa m'mudzi momwemo woti aziyenda nanu, ndipo mumulipire, chifukwa tsiku la wezulo mawu ake amodzi adzaposa malumbiro anu khumi. Dzuwa lisakuloweleni m'njira za m'mbali mwa mpanda. Mbuzi mukagula, pakhale mboni ndi kalata ya amfumu yonena kuti mbuzizo zachoka mwachilungamo.

Kwa mafumu a ku Machinga ndi Balaka, pempho langa ndi lakuti mlendo wokayikitsa azifikira pabwalo panu ali wamoyo ndi mano ake onse. Ngati ali ndi mlandu, polisi ilipo pa Liwonde, pa Ulongwe ndi pa Ntaja, ndipo a gemu ali ndi foni. Koma mukamaliza kumufunsa iyeyo, mufunsenso anyamata anu kuti waya wa mabuleki amene amatha msanga m'magulosale mwanumo akumangira njinga zingati.

Inu amayi a malesitilanti ndi anyamata a chiwaya, wina akakubweretserani nyama yowamba m'bandakucha, yotchipa modabwitsa, nkumati ndi ya mbuzi ya malume ake, mumufunse kuti mutu ndi chikopa wasiya kuti.