Zotsatira za MOT sizikwanira kuweruzira galimoto zakale

Ziwerengero za mayeso a MOT zimene bungwe la DVSA la boma la Britain limatulutsa zimaonetsa kuti galimoto ikamakula, mwayi wake wopambana mayesowa umachepa. Komabe pa galimoto zakale kwambiri zinthu zimatembenuka, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka.

Mayesowa anayamba m'chaka cha 1960 ndipo ankakhudza galimoto zokhazo zimene zatha zaka 10. Mu 1967 malirewo anatsitsidwa kufika pa zaka zitatu, ndipo mu Januwale 2024 boma linakana ganizo lowakweza kufika pa zaka zinayi. Galimoto zoposa imodzi mwa zinayi zilizonse zimalephera ulendo woyamba, makamaka chifukwa cha magetsi, masipuling'i, mabuleki ndi matayala.

Kuyambira pa 20 Meyi 2018, galimoto zopyola zaka 40 zimene sizinasinthidwe kwambiri sizikakamizidwa kuyesedwa. Boma linati galimoto zoterezi zimasamalidwa bwino komanso siziyenda kawirikawiri. Mfundoyi ndi yoona, koma ikunena za eni ake, osati za kapangidwe ka galimotoyo. Mtundu wa galimoto ukatha zaka zambiri pamsewu, zofooka zonse zimakhala zitaphwasulidwa kalekale. Zotsalazo zili m'manja mwa anthu ozikonda, amene amayamba akonza chilichonse asanapite nazo kokayesedwa. Choncho chiwerengero chokwera chimangowerenga zopulumuka, osawerenga zikwizikwi zimene zinadyedwa ndi dzimbiri lobwera chifukwa cha mchere umene amawaza m'misewu nyengo yachisanu.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lino chifukwa galimoto zina zogwiritsidwapo kale ntchito zimachokera ku Britain, ngakhale kuti zambiri zimachokera ku Japan. Mayeso a MOT saona mkati mwa injini, kilachi kapena giyabokosi, zimene zimadya ndalama zambiri zikaonongeka. Amangotsimikiza kuti pa tsikulo galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamsewu. Sanena kanthu za mmene idzapiririre fumbi ndi maenje kufikira nthawi yokatenga COF ku nthambi yoona za pamsewu.

Chothandiza wogula, kaya ndi munthu payekha kaya ofesi, ndi mbiri ya galimoto imene akufunayo. Polemba nambala yake pa tsamba la intaneti la boma la Britain, munthu amaona zotsatira za mayeso ake kuyambira 2005, mtunda umene inali itayenda ulendo uliwonse, ndi zolakwika zimene oyesa analemba.