Si nyumba iliyonse imafuna matailosi

Kuno ku Domasi nyumba zakale sitichita kuzifunafuna. Alexander Hetherwick anayambitsa mishoni ya Church of Scotland kuno mu 1884, ndipo mu 1929 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre yosula aphunzitsi. Nthawi ya mishoni ndi ya atsamunda inatisiyira nyumba za njerwa, zamakonde aakulu, zomwe ena a ife tikukhalamo. Kunja sitizisintha kwenikweni. Nkhawa yanga ili m'kati.

Munthu akangolowa m'nyumba yotere n'kupeza kangachepe, amayamba ndi matailosi. Kenako penti ya mafuta, siling'i ya pulasitiki, basi akuti wakonza. Mnzanga wina anachita zonsezi, ndipo mvula isanathe penti inali itatupa m'munsi mwa makoma, m'chipinda mukununkha nkhungu.

Chifukwa chake n'chosavuta, ngakhale mwana wa Fomu 2 atha kuchimva. Makoma ambiri akale anamangidwa ndi dothi kapena laimu, osati simenti. M'dzinja amakoka chinyontho kuchokera pansi, ndipo chimatuluka pang'onopang'ono kudzera mu njereza imene ankapaka. Mukamata simenti ndi penti ya mafuta, mwachitsekera m'khoma momwemo. Mukaika matailosi pansi, nacho chapansicho chimathawira kumakoma. Siling'i yam'mwamba ija sinali yonyadira ayi: mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'timabowo ta pamwamba pa khoma. Itsitseni, mudzaiona October. Ndiye pali chumuni, chomwe anthu amatseka n'kuikapo TV, kuiwala kuti mu June mphepo yochokera kuphiri la Zomba siseka ndi munthu.

Ena amati, "Aphunzitsi, tisungirenji nyumba za atsamunda?" Funsoli ndimalimvetsa. Koma anaumba njerwazo ndani? Anacheka matabwa a zitsekozo ndani? Ndi agogo athu omwe, ndipo ntchito ya manja awo ndi imene tikuikwirira ndi pulasitiki. Chitseko cha mlombwa kapena mbawa chomwe chakana chiswe zaka zonsezi, lero mungachipeze pa mtengo wanji?

Sindikuti tizikhala ngati mu 1929. Mawaya akale amagetsi achotsedwe asanatiotche. Bafa ndi khitchini, ikani matailosi anuwo, ine ndilibe nazo mawu. Denga lodontha likonzedwe msanga, mileme isamuke. Koma pabalaza ndi kuzipinda, kongoletsani ndi zinthu zoti mutha kuzinyamula tsiku losamuka. Paja ife aphunzitsi kalata ya transifa siichedwa. Simenti yofiira ija ikapakidwa polishi imawala kuposa matailosi otchipa. Yalanipo mkeka, ikani mipando yoluka, makatani a chitenje, pakhoma njereza yatsopano chaka ndi chaka. Ndalama zake sizifika n'komwe pa za matailosi a chipinda chimodzi.

Amene akukayika akaone Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882. Muli magetsi, anthu amagwiramo ntchito, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, koma ukalowa umadziwa kuti walowa m'nyumba ya zaka zoposa 140. Zathu za kuno zambiri sizidzatchuka chonchi, ndipo palibe wa boma amene adzabwere kudzaona ngati tazula mafelemu a mawindo. Zatsalira ife okhalamo, ndi mmisiri amene tamuitana, yemwe nthawi zambiri amafika atanyamula kale chikombole ndi simenti.