Babatoni

Babatoni ndi chida choyimbira cha nsambo imodzi chomwe chimatulutsa mawu a besi. Chimapangidwa pamanja ndi matabwa, chikopa cha ng'ombe ndi waya, ndipo m'magulu ena oyimba a ku Malawi chimagwira ntchito yomwe gitala ya besi imagwira. Kwa zaka zambiri chinkaonedwa ngati chida cha anthu osowa ndalama zogulira gitala ya m'sitolo. Maganizo amenewa ayamba kusintha chifukwa babatoni yafika pa zikondwerero zikuluzikulu zakunja pa nthawi yomwe zida zochokera kunja zakwera mtengo m'dziko muno.

Kapangidwe

Mmisiri amayamba ndi bokosi la matabwa kapena ng'oma, nakutirapo chikopa chomwe chimakungika chikamauma. Kenako amalumikizapo mtengo wautali umene umakhala khosi la chidacho. Waya amamangidwa kuchokera kunsonga kwa khosi mpaka kubokosi, ndipo akagwedezeka, chikopa ndi mpweya wa m'bokosi zimakuza mawu ake. Nsambo ikakhala yaitali komanso yonenepa, mawu amatsika. Ichi ndi chifukwa chake babatoni imakhala yaikulu. Ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi yotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo amayimba poimenya ndi kamtengo uku akutsetseretsa botolo pa waya kuti asinthe mawu.

Gitala ya besi ya magetsi, yomwe inafala kampani ya Fender itatulutsa Precision Bass mu 1951, ili ndi nsambo zinayi ndipo simveka patali popanda ampulifaya. Babatoni imalira yokha. Pamsika, pasiteji ya mabasi kapena magetsi akathima, woyimba amapitiriza ntchito yake.

Mbiri

Besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi inali mbali ya nyimbo za kwela za ku South Africa m'zaka za m'ma 1950. Ku Malawi, gulu la Daniel ndi Donald Kachamba la ku Chileka linali limodzi mwa omwe anatchukitsa kwela ndi zida zake.

Ku Lilongwe chidachi chimadziwika kwambiri kudzera mwa Madalitso Band, gulu la anthu awiri lomwe linakulira ku Mtandire. Yobu Maligwa amayimba babatoni ndi kutsogolera nyimbo, pomwe Yosefe Kalekeni amayimba gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Awiriwa ankayimba m'misewu ya mzindawu, ndipo mu 2009 wojambula nyimbo Emmanuel Kamwenje anawamva. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022. Mu 2025 anatulutsa Ma Gitala ndipo anayimba ku Glastonbury ku England.

Kulumikiza ku magetsi

Pamaso pa anthu zikwizikwi, bokosi ndi chikopa sizikwanira. Mawu otsika amafuna mphamvu zambiri kuti amveke patali, choncho chida chimayenera kulumikizidwa ku zokuzira mawu. Njira imodzi ndiyo kuika maikolofoni pafupi ndi bokosi. Ina ndiyo kumata kachipangizo kotchedwa piezo pickup, komwe kamasandutsa kugwedezeka kwa thabwa kapena chikopa kukhala kamphamvu ka magetsi kopita ku ampulifaya. Chida chotere chimayimbika ndi magetsi komanso popanda magetsi. Vuto lake ndi lakuti bokosi lalikulu limayamwa phokoso la masipika n'kuyamba kulira lokha, choncho woyang'anira mawu amafunika luso.

Zachuma ndi tsogolo

Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa. Gitala ya besi, nsambo zake ndi ampulifaya zonse zimagulidwa kunja, motero kwaya ya mpingo kapena gulu la achinyamata ku Kawale, Chinsapo kapena Mgona limavutika kuzipeza. Matabwa, chikopa, misomali ndi waya zimapezeka m'misika ya m'deralo, ndipo akalipentala alipo ambiri. Pa chida chopangidwa konkuno, chochokera kunja ndi pickup ndi chingwe chake basi.

Komabe pali zopinga. Mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa ikusowa chifukwa cha kutha kwa nkhalango, ndipo thabwa losauma bwino limapindika khosi likakokedwa ndi waya. Chikopa chimakhwefuka nthawi ya mvula, mawu n'kusintha. Palibenso muyeso umodzi, kotero babatoni iliyonse imasiyana ndi inzake, ndipo luso limakhala m'mutu mwa wopanga.

Lilongwe ili ndi malo ophunzitsira nyimbo monga Music Crossroads ku Area 23, ndipo ukalipentala umaphunzitsidwa pansi pa TEVETA. Maluso awiriwa atakumana, miyeso ya bokosi, kaumitsidwe ka matabwa ndi kaikidwe ka pickup zikhoza kulembedwa n'kuphunzitsidwa. Popanda zimenezi, mbiri yomwe babatoni yapeza kunja ipindulira oyimba ochepa okha, osafika kwa amisiri a m'makwalala omwe angamazipange n'kumagulitsa.