Mkonono wa munthu wonenepa si woseka

Kuno ku Chadiza, wachibale akabwera kuchokera ku Lusaka kapena ku migodi ali ndi mimba yotsogola ndi khosi la mapindi, timamulandira ndi mawu amodzi: "Koma ndiye mwanenepa, zikukuyenderani!" Mkazi akanenepa pa ukwati, timayamikira mwamuna wake kuti akusunga bwino. Mawu amenewa sindiwanyoza, ali ndi kumene anachokera. Amene tinaona zaka za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde ankamaliza anthu kwa Mlolo ndi kwa Zingalume monga kwina konse, tikudziwa chifukwa chake kuonda kunasanduka chinthu choopsa ndi chochititsa manyazi. Njala nayonso ndi yadzulodzulo: mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse. Ndiye kulankhula za kunenepa m'boma la alimi kungamveke ngati chipongwe.

Komabe ndilankhula, chifukwa munthu yemweyo amene timamuyamikira masana ndi amene timamuseka usiku. Pamaliro, anthu akagona panja, amati musagone pafupi ndi uje, mkonono wake ngati chigayo. Akakwera kamtunda n'kuima ali wefuwefu, timati ulesi wa m'tauni. Ine ndikuti mkonono wotere ndi befu lotere ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo kuseka kwathu kumachedwetsa anthu kupita kumeneko.

Mapapo alibe mphamvu yodzikokera okha mpweya. Amagwira ntchito ngati mvukuto wa wosula zitsulo: pamafunika china chowatambasula. Chimene chimawatambasula ndi nthiti, komanso mnofu waukulu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Tikamakoka mpweya, mnofu umenewu umatsikira kumimba kuti mapapo apeze malo. Tsono mafuta akachuluka m'mimba, amaukankhira m'mwamba, ndipo mafuta a pachifuwa amalemera pa nthiti. Mapapo amakhala opanikizika, makamaka kumunsi kwake, kumene tinjira tating'ono ta mpweya timayamba kutsekeka. Magazi amadutsabe kumeneko koma osatenga mpweya wabwino wokwanira. Munthu amayamba kupuma mofulumira ndi mosafika pansi, pomwe thupi lake lalikulu likufuna mpweya wochuluka kuposa kale. Mapapowo akhoza kukhala opanda matenda alionse, vuto n'lakuti asowa malo. Akagona chagada zimaipiraipira, chifukwa mimba yonse imatsamira kuchifuwa. N'chifukwa chake ena amayamba kugona atasanjikiza mapilo kapena atatsamira khoma, osadziwa chimene chawasintha.

Chachikulu chimachitika pakhosi. Tulo tikagwira, minofu ya pammero imafooka mwa aliyense. Koma ngati khosi ndi lilime zili ndi mafuta ambiri, njira ya mpweya imachepa, ndipo phokoso la mkonono ndi mpweya umene ukudzipanikiza pamalo opapatiza. Mwa anthu ena njirayo imatsekekeratu. Mkonono umadukiza, m'nyumba muli zii kwa masekondi khumi kapena kupitirira, kenaka munthu amadzidzimuka ngati watsamwa, n'kuyambanso. Madokotala amatcha vutoli sleep apnoea, ndipo likakula limachitika kopitirira ka 30 pa ola limodzi. Mwini wake sakumbukira kanthu. Amangodzuka mutu ukuwawa, kukamwa kouma, ali wotopa ngati sanagone. Masana amasinza m'tchalitchi, pamsonkhano wa makolo kusukulu, ngakhale pakati pa nkhani. Ganizirani ngati munthu wosinzayo ndi amene akuyendetsa thiraki yopita ku Mozambique kudzera pa Chanida, kapena honda imene yanyamula mwana wanu.

Nthawi iliyonse imene mpweya wadukiza, mtima umagunda mwamphamvu ndipo BP imakwera. Zikachitika usiku uliwonse kwa zaka, BP imakhala yokwera ngakhale masana, nthawi zina yosamva mankhwala, ndipo ngozi ya sitiroko imakula. Tikamva kuti uje, munthu wa thupi labwino, wagwa mwadzidzidzi, timathamangira kufunsa kuti anayambana ndi ndani. Mkazi wake, amene wakhala akumugwedeza usiku kwa zaka zisanu kuti apume, palibe amene amamufunsa.

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni. N'zoona kuti ku Lusaka ndi ku Copperbelt vutoli n'lokulirapo, ndipo mlimi amene amagwira khasu kuyambira mbandakucha sanenepa wamba. Koma ziwerengero za dziko zikukwera. Kafukufuku wa zaumoyo wa boma anapeza kuti mu 2001 ndi 2002 amayi 12 pa 100 alionse anali ndi thupi lopitirira muyeso. Mu 2007 anafika 19. Mu 2013 ndi 2014 anali 23. Kafukufuku yemweyo mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Zonse ziwiri zili m'dziko limodzi, ndipo zimatheka kuzipeza m'nyumba imodzi, mayi wonenepa ndi mwana wosakula, chifukwa nsima yambiri ndi ndiwo zochepa zimakhutitsa popanda kumanga thupi. Yang'anani pa boma pathu: aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, amayi okhala pamsika tsiku lonse. Ulendo umene tinkayenda pansi kapena pa njinga yopalasa lero ndi wa honda. Saladi timathira mosaumira, tiyi ndi wa masipuni atatu a shuga, pambali pali vitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo.

Amayi ali ndi mtolo wina umene mabuku a azungu satchula kawirikawiri: utsi. Mayi wonenepa amene amaphika pa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, kapena kulowetsa mbaula m'nyumba mu June, mapapo ake akumenyedwa mbali ziwiri, kupanikizidwa kunja ndi kupsa ndi utsi m'kati. Ngati ali ndi mphumu, kunenepa kumaichititsa kuuka pafupipafupi ndi kuvuta kuigonjetsa ndi mankhwala. Tinaonanso mu June ndi July 2021, pamene COVID-19 inadzaza zipatala m'Zambia ndipo mpweya wa m'masilinda unkasowa. Padziko lonse madokotala anaona kuti anthu onenepa kwambiri ankadwala modetsa nkhawa kuposa anzawo a msinkhu womwewo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mapapo awo analibe malo otsala oti n'kudalira.

Sikuti befu lililonse ndi la kunenepa ayi. Chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi ndi matenda a mtima zimabweretsanso phuma, ndipo munthu wonenepa akhoza kukhala nazo. Wotsokomola kwa masabata awiri, wotupa miyendo, kapena amene akuonda yekha popanda kusintha kadyedwe, apite kuchipatala msanga. Palinso abale athu amene amamwa ma ARV. Mankhwala a dolutegravir, amene bungwe la WHO linawaika patsogolo mu 2019, amapulumutsa miyoyo, koma ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Wotero asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Akauze anamwino kuti thupi likuwonjezeka ndipo mpweya ukuchepa.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti sipafunika kuonda ngati mnyamata kuti mpweya ubwerere. Kafukufuku wa ku Wisconsin, ku America, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti munthu akachepetsa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kudukiza kwa mpweya m'tulo kumatsika ndi pafupifupi kota. Wa makilo 100 akatsika kufika 90, wapindula kale. Makina a CPAP, opopera mpweya m'mphuno usiku, amathandiza kwambiri, koma ndi okwera mtengo ndipo amafuna magetsi usiku wonse, ndiye ambiri a ife sitingayambire pamenepo. Tingayambire pa kugona cham'mbali, kusiya mowa wa madzulo umene umafooketsa minofu ya pammero, kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuwonjezera nyemba ndi chibwabwa chotendera, ndi kusiya honda pa ulendo wa theka la ola.

Sikelo si aliyense ali nayo, koma chingwe chilipo. Yezani chingwe kuyambira kuphazi mpaka pamutu, chipindeni pakati, ndipo chizungulizeni pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Chikapanda kukumana, mimba yapitirira theka la msinkhu wanu, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka. Azaumoyo a m'midzi, amene amayeza ana kusikelo mwezi ndi mwezi, angathe kuyeza mayi wobereka mwanayo ndi chingwe chomwecho n'kumufunsa za tulo take ndi ta bambo a kunyumba.

Kwa inu amene mumagona pafupi ndi wamkonono, muli ndi umboni umene dokotala sangaupeze yekha. Usiku wina khalani maso. Mkonono ukadukiza, werengani chamumtima mpaka mpweya ubwerere, ndipo onani kuti zachitika kangati. Ngati muli ndi foni yojambula mawu, jambulani mphindi zisanu. Popita kukayezetsa BP mupite limodzi, ndipo anamwino akafunsa vuto, mulankhule ndinu, chifukwa mwini wake adzanena kuti amagona bwinobwino.